Ndudu zingati pa tsiku? Yankho lili m'malovu

Ndudu 20 zandandalikidwa pa makina, iliyonse italowetsedwa pa kabowo kake. Wogwira ntchito m'labotale akuziyatsa imodzi ndi imodzi. Kutentha kwa chipindacho kwasungidwa pa madigiri 24, chinyontho cha mumpweya pa 60 peresenti, pakuti fodya wouma kwambiri ndi fodya wachinyezi sayaka mofanana.

Makinawo akoka utsi kwa masekondi awiri. Nsonga za ndudu zifiira. Kenako zii.

Ikatha mphindi imodzi akokanso, mamililita 35 ndendende, osawonjezera, osachepetsa. Utsiwo ukudutsa pa kasefa koyera kozungulira, ndipo pang'ono ndi pang'ono kasefako kakudetsedwa. Ndudu zikatsala pang'ono kufika pa fyuluta, kasefa kaja amakachotsa, kukaika pa sikelo, n'kukaviika m'mankhwala kuti aone kuchuluka kwa phula ndi nikotini amene wakodwa.

Umu ndi momwe bungwe la Federal Trade Commission la ku America linayambira kuyeza ndudu mu 1967, ndipo mayiko ambiri anatengera njira yofanana nayo. Manambala otuluka m'makinawa ndi amene kwa zaka zambiri ankalembedwa pa mapaketi ndi m'zotsatsa malonda: nikotini 1.0 mg, 0.6 mg, 0.1 mg.

Vuto lake ndi limodzi. Makina alibe chibaba.

Timabowo ta pa fyuluta

Ndudu imodzi imakhala ndi mamiligalamu 10 mpaka 14 a nikotini m'fodya wake. Wambiri amapsa ndi moto kapena kupita ndi mphepo. Amene amalowa m'magazi a wosuta nthawi zambiri ndi miligalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka. Koma chiwerengerochi sichikhazikika, chifukwa mwini ndudu ndiye amasankha, ngakhale asakudziwa kuti akusankha.

Makampani a fodya anazindikira msanga momwe angapezere manambala otsika. Anaboola timabowo ting'onoting'ono kuzungulira fyuluta, tina tosaoneka n'komwe ndi maso. Makina akakoka, mpweya wabwino umalowera m'timabowomo n'kusukulutsa utsi, ndipo kasefa kamakola nikotini wochepa. Ndudu zotere ankazigulitsa ngati zopepuka, zosapweteka kwambiri.

Munthu sagwira ndudu ngati makina. Zala ndi milomo zimatseka timabowo tija. Akamva kuti utsi wachepa mphamvu, amakoka kwambiri, amakoka pafupipafupi, amaumeza mpaka pansi pa mapapo, ndipo nduduyo amaimaliza mpaka kutsala pang'ono kupsa zala.

Mu 1983, Neal Benowitz ndi anzake a ku San Francisco anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Iwo sanafunse makina, anayeza magazi a osuta. Anapeza kuti anthu osuta ndudu za manambala otsika sankalandira nikotini wochepa kuposa anzawo. Mu 2001, Martin Jarvis ndi anzake ku London anapeza zomwezo poyeza malovu a osuta a ku England.

Pofika nthawiyo anthu miyandamiyanda amene akanatha kusiya fodya anali atasamukira ku ndudu zopepuka, poganiza kuti adziteteza. Muyeso wolakwika unawanamiza, ndipo ambiri analipira ndi moyo wawo.

Mu 2008 bungwe la Federal Trade Commission linasiya kuvomereza njira yake ija. Mu 2010 dziko la America linaletsa mawu a pa paketi osonyeza kuti ndudu ndi yopepuka kapena yofatsa. Dziko la Canada linakonza njira yake yoyezera: makina amakoka mamililita 55 pa masekondi 30 aliwonse, timabowo tonse titamatidwa. Ndudu yomweyo ikayezedwa motere imatulutsa nikotini wochuluka kwambiri. Komabe nayonso ndi njira ya makina, si ya munthu.

Funso la kuchipatala

Njira yakale kwambiri, imene ikugwirabe ntchito kulikonse, ndi kungofunsa. Mumasuta? Zingati pa tsiku?

Mayankho ake amaunjikana pa 5, 10 ndi 20. Sikuti anthu amasutadi manambala osalala chonchi, koma kuti palibe amene amawerenga. Wina amaiwala, wina amachita manyazi pamaso pa dokotala, mayi woyembekezera amaopa kukalipiridwa. Ngakhale wonena zoona zokhazokha amangopereka theka la nkhani, chifukwa funsolo silifunsa kuti ndudu iliyonse amaisuta bwanji.

Gulu la Benowitz linaonetsa izi momveka mu 1986. Anatenga anthu osuta pafupifupi ndudu 37 pa tsiku n'kuwachepetsera mpaka 5. Masamu wamba anganene kuti utsi wolowa m'thupi ukanatsika kuposa kasanu ndi kawiri. Unangotsika ndi theka. Pa ndudu iliyonse imene anatsala nayo, osutawo ankakoka utsi wochuluka pafupifupi katatu.

Thupi lozolowera nikotini limakhala ndi mlingo wake, ndipo limausakasaka mpaka liupeze.

N'chifukwa chake funso lina limathandiza kwambiri kuposa la chiwerengero cha ndudu. Katswiri wa ku Sweden, Karl Fagerström, anakonza mafunso oyezera kukula kwa chizolowezi cha fodya mu 1978, ndipo anakonzedwanso mu 1991 kukhala mafunso 6, okhala ndi mapointi 0 mpaka 10. Limodzi mwa mafunso olemera kwambiri ndi ili: mukadzuka m'mawa, pamapita nthawi yaitali bwanji musanayatse ndudu yoyamba? Woyatsa pasanathe mphindi 5 amapatsidwa mapointi atatu. Usiku wonse nikotini amakhala akutha m'magazi, ndipo amene sangadikire ngakhale kusukusula ndiye amene thupi lake lagwidwa kwambiri.

Mafunsowa amayeza kugwidwa kwa munthu. Kuchuluka kwa nikotini amene walowa kumafuna muyeso wa m'thupi momwemo.

Chotsalira chotchedwa kotinini

Utsi ukalowa m'mapapo, nikotini amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20. Sakhalitsa. Pakatha pafupifupi maola awiri, theka lake limakhala litachoka m'magazi. Choncho kuyeza nikotini weniweniyo kumangosonyeza ngati munthu wangosuta kumene. Magazi otengedwa m'mawa munthu asanasute ndi otengedwa madzulo angaoneke ngati a anthu awiri osiyana.

Chiwindi ndicho chimaphwanya nikotini. Magawo 70 mpaka 80 pa 100 alionse a nikotini amasandutsidwa chinthu china chotchedwa kotinini, ndipo ameneyu amachedwa kuchoka: theka lake limatha patapita maola pafupifupi 16. Nikotini ali ngati lawi, kotinini ngati phulusa. Moto utazima kale, woona pamafuwa amadziwabe ngati panayaka nkhuni zambiri kapena zochepa.

Kwa munthu wosuta tsiku ndi tsiku, kotinini amakhala wokhazikika kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo amasonyeza nikotini wa masiku atatu kapena anayi apitawo. Amapezeka m'magazi, m'malovu ndi mumkodzo.

Malovu ndiwo osavuta. Woyezedwa amapatsidwa kathonje kolimba, kotalika ngati chala chaching'ono, kuti akavumate kwa mphindi zingapo mpaka kanyowe. Akakalavulira m'kabotolo, kabotoloko kamatsekedwa, kulembedwa nambala m'malo mwa dzina, n'kutumizidwa ku labotale. Palibe jakisoni, palibe magazi. Kuchuluka kwa kotinini m'malovu kumayandikana kwambiri ndi kwa m'magazi. Mumkodzo amachuluka kanayi kapena kasanu, koma zotsatira zake zimasinthasintha malinga ndi madzi amene munthu wamwa.

Amayezedwa m'mananogalamu pa mililita imodzi. Nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu. Munthu wosuta pafupifupi paketi pa tsiku amakhala ndi mananogalamu 250 mpaka 300 m'magazi. Wosasuta wokhala m'nyumba imodzi ndi wosuta amakhala ndi ochepa, nthawi zambiri osafika 10. Wosayandikira utsi konse amakhala pansi pa 1.

Malire osiyanitsa wosuta ndi wosasuta akhala akusuntha. Mu 2002 akatswiri a bungwe la Society for Research on Nicotine and Tobacco anaika malirewo pa mananogalamu 15. Mu 2009 ofufuza a ku America anati atsitsidwe kufika pa 3, chifukwa malamulo oletsa kusuta m'malo ogwirira ntchito ndi m'malo odyera anali atachepetsa utsi umene osasuta ankapuma. Malire oyenera amadalira kuti anthu a m'dera lomwe akuyezalo akukhala mu utsi wochuluka bwanji.

Pali chinanso chimene kotinini anaulula. Ndudu zikamachuluka, iye amakwera nazo, koma osati mpaka kalekale. Chiwerengero chikafika cha m'ma 20 pa tsiku, kukwerako kumayamba kufooka. Wosuta 40 sakhala ndi kotinini wowirikiza kawiri wa wosuta 20. Winayo amangoyatsa zambiri, zina n'kumapsera m'manja.

Ziwindi sizifanana

Apa ndi pamene nkhani imavuta, ndipo ofufuza atha zaka zambiri akuiunika.

Ntchito yophwanya nikotini m'chiwindi imagwiridwa makamaka ndi enzayimu yotchedwa CYP2A6. Liwiro lake limasiyana munthu ndi munthu, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako ndi yobadwa nayo. Ena amaphwanya nikotini mofulumira, ena pang'onopang'ono. Akazi, pa avereji, amafulumira kuposa amuna. Mapiritsi olerera okhala ndi estrogen amawonjezera liwirolo, ndipo kukhala ndi pakati kumaliwonjezera koposa: mwa mayi woyembekezera, theka la kotinini limatha m'maola pafupifupi 9. Mayi wotere angaoneke ngati amasuta pang'ono pamene mwana wa m'mimba akulandira nikotini wambiri.

Mitundu ya enzayimu yochedwa imapezeka kwambiri mwa anthu a kum'mawa kwa Asia, monga a ku Japan, komanso mwa anthu ochokera ku Africa. Mu 1998, kafukufuku wosindikizidwa m'magazini ya JAMA anasonyeza kuti anthu akuda a ku America amakhala ndi kotinini wambiri pa ndudu iliyonse kuposa azungu. Zifukwa zake zinali ziwiri: matupi awo ankachedwa kuchotsa kotinini, komanso ankakoka nikotini wochulukirapo pa ndudu imodzi. Motero anthu awiri a kotinini wofanana angakhale kuti sanalandire nikotini wofanana.

Pofuna kuzemba vutoli, ofufuza amayeza mumkodzo nikotini pamodzi ndi zonse zimene amasanduka, n'kuziphatikiza. Chiwerengero chonsecho sichidalira kwambiri liwiro la chiwindi, ndipo ambiri amachiona kuti ndicho muyeso wodalirika koposa wa nikotini wolowa m'thupi pa tsiku. Koma chimafuna makina okwera mtengo ndi anthu ophunzitsidwa bwino.

Liwiro la chiwindilo nalonso limayezeka. Enzayimu yomwe ija imaphwanyanso kotinini kukhala chinthu chachitatu, ndipo kuyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi kumasonyeza ngati munthu ndi wofulumira kapena wochedwa. Ofulumira amakonda kusuta zambiri ndipo kusiya kumawavuta. Mu 2015, Caryn Lerman ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa osuta 1,246 a ku America ndi Canada. Kwa ophwanya nikotini mofulumira, mapiritsi a varenicline anathandiza kwambiri kuposa zigamba za nikotini zomata pakhungu. Kwa ochedwa, njira ziwirizi zinathandiza mofanana, koma mapiritsiwo ankawavutitsa kwambiri m'thupi.

Uku ndiko kuyeza kumene kumapindulira wosuta mwini wake.

Mpweya, tsitsi ndi zikhadabo

Njira yachangu komanso yotsika mtengo siyeza nikotini konse. Imayeza carbon monoxide, mpweya woipa wotuluka chinthu chikamayaka. Woyezedwa amakoka mpweya, kuusunga masekondi 15, n'kuuzira pang'onopang'ono m'kachipangizo kogwira m'manja. Nambala imaoneka pomwepo. Wosasuta nthawi zambiri amakhala pansi pa 6, wosuta tsiku lililonse amapitirira 10, ena 30. Ku England azamba amagwiritsa ntchito kachipangizoka kusikelo ya amayi oyembekezera.

Ubwino wake ndi woti munthu amadzionera yekha. Akasiya fodya, nambala imagwa m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ambiri zimenezi zimawalimbitsa mtima. Kuipa kwake kuli pomwepo: theka la mpweyawu limachoka m'thupi m'maola anayi kapena asanu, choncho wodziletsa kwa tsiku limodzi angaoneke ngati sasuta. Komanso kachipangizoka sikasiyanitsa utsi wa ndudu ndi wa galimoto, wa chamba kapena wa mbaula.

Kotinini nayenso ali ndi khungu lake. Sadziwa kumene nikotini wachokera. Munthu amene wasiya ndudu n'kumatafuna chingamu cha nikotini, womata chigamba, wokoka ndudu zamagetsi, onsewa amaoneka ngati akusuta. Apa ofufuza amayang'ana anabasine ndi anatabine, zinthu zopezeka m'tsamba la fodya koma zosapezeka m'nikotini woyengedwa wa mankhwala. Palinso NNAL, chotsalira cha mankhwala oyambitsa khansa opezeka m'fodya mokha, chimene chimakhala mumkodzo kwa milungu ingapo.

Wofuna mbiri ya miyezi amatenga tsitsi. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo nikotini amatsakamira m'menemo pamene likukula. Zikhadabo za kumapazi zimagwiranso ntchito yomweyo.

Manambalawa agwira ntchito yanji?

Bungwe la Centers for Disease Control and Prevention ku America linayamba kuyeza kotinini m'magazi a anthu wamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pakati pa 1988 ndi 1991, anthu 88 pa 100 alionse osasuta anapezeka ndi kotinini. Pofika 2011 ndi 2012 anali 25 pa 100. Palibe funso limene likanaonetsa zimenezi, chifukwa wopuma utsi wa ena sadziwa kuti wapuma wochuluka bwanji.

Miyeso yomweyi ndiyo ikutsogolera mtsutso wina waukulu. Mu 1994, Benowitz ndi Jack Henningfield anapereka ganizo loti nikotini achepetsedwe m'fodya mwenimwenimo, osati mwa timabowo, mpaka ndudu zisiye kugwira anthu. Mantha anali oti osuta azingokoka kwambiri ngati kale. Mu 2015, kafukufuku wa Eric Donny ndi anzake pa osuta 840 kwa milungu 6 anasonyeza kuti nikotini akatsika kwambiri, kuchoka pa mamiligalamu 15.8 kufika pa 0.4 pa galamu ya fodya, anthu ankasuta ndudu zocheperapo ndipo nikotini wa mumkodzo wawo ankatsika. Dziko la New Zealand linakhazikitsa lamulo lotere mu 2022, koma boma latsopano linalichotsa mu 2024 lisanayambe kugwira ntchito.

Pali chenjezo limene sing'anga wa ku London, Michael Russell, anapereka mu 1976, loti chimene chimakokera anthu ku fodya ndi nikotini, koma chimene chimawapha ndi phula la mu utsi. Kotinini amayeza nikotini, sayeza matenda. Kutsika kwake sikutanthauza kuti ngozi yatsika mofanana. Kafukufuku wa mu 2018 m'magazini ya BMJ anapeza kuti wosuta ndudu imodzi yokha pa tsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene wosuta 20 amakhala nacho. Fodya akuphabe anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, malinga ndi bungwe la WHO.

Ndipo muyeso ungasanduke chikwapu. Makampani ena a inshuwalansi ndi olemba ntchito ku America amayeza kotinini pofuna kukweza ndalama zolipira kapena kumana munthu ntchito. Munthu akadziwa kuti malovu ake amugwiritsa mlandu, amathawa ndi chipatala chomwe chikanamuthandiza kusiya.

Kumene fodya amalimidwa

Malawi ndi limodzi mwa mayiko olima fodya wa bale wochuluka kwambiri padziko lapansi, ndipo mu 2023 linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu 14 pa 100 alionse ankasuta, amuna pafupifupi 26 pa 100, akazi pafupifupi atatu. Pa kafukufukuyo kuthamanga kwa magazi ndi shuga zinayezedwa ndi zipangizo. Za fodya anangofunsa.

Funso la ndudu zingati limafooka kwambiri kuno. Ambiri sagula paketi, amagula imodziimodzi pa okala. Ndudu imodzi imazungulira anthu atatu pa bawo kapena pamowa. Wina amaizimitsa ili pakati, kuipachika kukhutu, n'kudzaimaliza masana. Wa chingambwe amadzipichirira yekha m'pepala lililonse limene wapeza, lero yonenepa, mawa yowonda, yopanda fyuluta, ndipo mphamvu ya fodyayo imasiyana munda ndi munda. Agogo a fodya wamphuno kapena woika pansi pa mlomo, akafunsidwa ngati amasuta, amakana, ndipo sakunama. M'magazi mwawo nikotini alimo.

Kachipangizo kouzira mpweya kangaoneke koyenera zipatala za ndalama zochepa, koma mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala. Mayi amene wakhala m'khitchini yautsi m'mawa wonse angathe kuwerenga nambala yokwera asanagwirepo ndudu chibadwire. Malire otengedwa ku London sangangoikidwa pa sikelo ya ku Mchinji osayamba ayesedwa pa anthu a komweko.

Kotinini naye ali ndi msampha wake m'maboma olima fodya ngati Kasungu, Dowa ndi Mzimba. Nikotini amasungunuka m'madzi ndipo amalowa kudzera pakhungu. Wothyola masamba m'mamawa mame asanaume, atawapanira kukhwapa, malaya atanyowa, amamwa nikotini ndi thupi lonse. Ena amachita nseru, chizungulire, mutu ndi kusanza, makamaka amene sasuta, chifukwa matupi awo sanazolowere. Mwa anthu otere kotinini amatha kukwera mpaka kuyandikira wa osuta.

Choncho woyeza anthu a m'madera amenewa ayenera kulemba mwezi umene watenga malovu, afunse tsiku lomaliza limene munthuyo anathyola, kusoka kapena kusankha fodya, ndiponso ngati amagona pafupi ndi chigafa. Mlimi yemweyo, wosuta ndudu zomwezo, angapereke manambala osiyana mu Febuluwale, fodya ali m'munda, ndi mu Seputembala, msika utatsekedwa. Kuti kotinini wolowera pakhungu achoke n'kutsala wa ndudu yekha, pamafunika kuti padutse masiku osachepera anayi munthuyo asanakhudze tsamba.